Momwe Mungasankhire Raketi ya Tenisi Yamakono

Raketi za graphite, zomwe n'zopepuka koma zolimba, zitalowa m'malo mwa zamatabwa m'zaka za m'ma 1980, mpira unayamba kuthamanga kwambiri, moti osewera ambiri masiku ano amamenya ali kumbuyo kwa bwalo m'malo mothamangira ku neti. Posankha raketi, yambani ndi kulemera kwake: amene mukungoyamba kumene tengani yosapitirira magalamu 300, yokhala ndi mutu waukulu kuti mpira usamakuphonyeni.

Zingwe nazo muziganizire bwino. Za poliyesita, zimene katswiri wa tenisi Gustavo Kuerten anapambana nazo mpikisano waukulu wa French Open mu 1997, zimazunguza mpira kuti ugwere msanga m'bwalo, koma n'zolimba ndipo zimatha kupweteka chigongono. Ngati mkono wanu sunazolowere, sankhani zofewa za nayiloni, ndipo wokuikirani zingwezo mumuuze kuti asazikoke kwambiri.