Madzi a pampopi akasintha kapena bilu ikakwera, fufuzani izi musanaimbire a zamadzi

A bungwe logawa madzi akalandira dandaulo, funso lawo loyamba limakhala lakuti vutolo lili mbali iti ya mita. M'malo ambiri, paipi yochokera mumsewu kufika pamita ndi ya bungwe, ndipo yochokera pamita kulowa m'nyumba ndi yanu. Mukayankha nokha funso limeneli mumadziwa woti mumuitane, a zamadzi kapena pulambala.

Tungani madzi pampopi umene uli pafupi kwambiri ndi mita, womwe madzi ake sadutsa m'thanki kapena mugiza (chotenthetsera madzi). Athireni m'tambula yagalasi yotsuka bwino n'kuiika poyera. Ngati madzi a pamenepa ali bwino koma a kubafa ndi oipa, vuto lili m'mapaipi anu. Ngati ndi oipa pamenepanso, funsani a nyumba yoyandikana nanu. Nawonso akakhala kuti akuona zomwezo, ndiye kuti gwero lake ndi paipi yaikulu.

Madzi otuwa ngati mkaka amaopsa anthu ambiri, koma kawirikawiri ndi mpweya chabe umene umalowa m'mapaipi akamakonzedwa kapena madzi akangobwera kumene atasiya. Yang'anitsitsani tambula ija: pakatha mphindi 2 kapena 3 kutuwako kumayamba kutha kuchokera pansi kukwera m'mwamba, timathovu tikamathawira kunja. Madzi otere imwani. Koma ngati kutuwako kukudikha n'kusiya zinthu pansi pa tambula, umenewo si mpweya, ndipo ndi nkhani yoti a zamadzi aidziwe.

Madzi ofiirira kapena akuda amabwera chifukwa cha dzimbiri ndi manganizi (chitsulo china chopezeka m'madzi) zimene zimakhazikika m'kati mwa mapaipi kwa zaka. Paipi ikaphulika kapena madzi akabwera mwamphamvu, zonsezi zimatakasika. Tsegulani mpopi wa pafupi ndi mita uja pang'onopang'ono, madzi atuluke kwa mphindi 15 mpaka 20, muwatungire m'ndowa kuti mukathirire maluwa. Pa nthawiyi musatsegule mpopi wa madzi otentha, chifukwa mukokera matopewo mugiza, ndipo kuwachotsa mmenemo ndi ntchito ina. Musachapenso zovala zoyera, dzimbiri limasiya mawanga ovuta kuchoka. Madziwo akapanda kusintha pofika tsiku lotsatira, imbani foni.

Fungo la klorini anthu amalida, komatu ndi chizindikiro chakuti madzi afika kwanu akadali otetezedwa. Malangizo a bungwe la World Health Organization amati madzi akamafika pampopi azikhala ndi klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita, ndipo asapitirire mamiligalamu 5. Fungolo likakunyansani, thirani madzi mujagi yoyera, muisiye pamalo ozizira kwa maola angapo. Amweni tsiku lomwelo, popeza klorini akachoka palibenso chowateteza. N'chifukwa chakenso madzi ogonera masiku ambiri m'thanki sakhala odalirika ngati ongotungidwa kumene.

Fungo la dzira lovunda nthawi zambiri silichokera m'madzi. Tengani tambula mupite nayo m'chipinda china n'kununkhiza. Ngati fungo palibe, likuchokera m'paipi yotayira madzi pansi pa sinki. Likamamveka m'madzi otentha okha, muyang'ane giza. Koma madzi onunkha zonyansa za m'chimbudzi, petulo kapena mankhwala musawamwe kapena kuphikira, ndipo imbani nthawi yomweyo.

Nthawi yofunika kusamala kwambiri ndi pamene madzi asiya. Paipi yopanda madzi imayamwa madzi akuda a m'nthaka kudzera m'ming'alu ndi m'molumikizira. Imathanso kuyamwa a m'ndowa ngati mwasiya paipi yothirira itamira mmenemo, choncho ichotseni. Madzi oyamba kubwera atayeni kufikira ataoneka bwino, ndipo akumwa muwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Teroninso a zamadzi akalengeza kuti anthu aziwiritsa madzi, mpaka atanena okha kuti vuto latha. Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma sikuchotsa mtovu kapena mankhwala. Madzi oyera mbee akhoza kukhala ndi tizilombo, ndipo izi zimadziwika kulabotale kokha, kumene muyezo wake ndi wakuti m'mamililita 100 musapezeke kachilombo ka E. coli ngakhale kamodzi.

Tsopano za bilu. Pa mita zambiri, manambala akuda amawerenga ma cubic metre, ndipo imodzi ndi malita 1,000. Ofiira amawerenga tizigawo ta cubic metre. Yerekezani manambala akuda ndi amene alembedwa pabilu. Ngati a pabilu ndi okwera kuposa a pamita, ndiye kuti anawerenga molakwika kapena anangoyerekeza osafika pakhomo. Jambulani mitayo ndi foni, nambala ya mita ioneke bwino pachithunzicho.

Manambala akagwirizana, ganizirani za kudontha. Tsekani mipopi yonse, lembani manambala onse akuda ndi ofiira, dikirani maola 2 popanda wina kugwiritsa ntchito madzi, kenako werenganinso. Akasuntha, penapake pakutayika madzi. Yambirani kuchimbudzi chamadzi, chifukwa ndiko kumadontha mwakachetechete: thirani timadontho ta kala wa zakudya m'thanki yake, musagujumule, mudikire mphindi 20. Mtunduwo ukatsikira m'mbale ya chimbudzi, labala yotseka madzi yatha. Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi umataya malita pafupifupi 30 pa tsiku. Ngati m'nyumba zonse zili bwino, yendani motsata paipi kuchokera pamita, muone pamene pali chinyezi kapena udzu wobiriwira mosiyana ndi pena.

Poimba foni kapena popita kuofesi, khalani ndi nambala ya akaunti, nambala ya mita, tsiku ndi nthawi imene vuto linayamba, ndi zimene mwayesa kale. Kunena kuti "madzi ndi ofiirira pampopi wa pamita, ndawataya kwa mphindi 20 osasintha, ndipo nyumba zitatu zoyandikana zili chimodzimodzi" kumathandiza wolandira dandaulo kutumiza anthu oyenera, pomwe kungoti "madzi ndi oipa" kumabweretsa mafunso ena. Sungani madziwo m'botolo loyera lolembedwa tsiku kuti muwaonetse, ngakhale oyeza amatunga awoawo m'mabotolo apadera. Pemphani nambala ya dandaulo lanu ndi tsiku limene adzabwere. Tsikulo likadutsa, lembani kalata yotchula nambalayo, musunge kope yake, ndipo ngati simukuthandizidwabe, funsani ofesi imene imayang'anira mabungwe ogawa madzi m'dziko lanu. Mukakayikira mitayo, pemphani kuti ayiyeze, koma musaimasule nokha kapena kudula chidindo chake, chifukwa mabungwe ambiri amalipiritsa chindapusa pa zimenezi.