Mawu a Chingerezi pofotokoza khalidwe la mnzanu kuntchito

Mukamalemba lipoti kapena imelo m'Chingerezi yokhudza mnzanu amene anakalipa mwadzidzidzi, lembani "outburst". Liwuli limangonena zomwe zinachitika, silimunyoza. Pewani "tantrum": limanena za mwana wolira modzigwetsa pansi, choncho kwa munthu wamkulu ndi chipongwe, ndipo mlandu ukhoza kukutembenukirani. "Mad" nalonso n'losokoneza, chifukwa ku America kawirikawiri limatanthauza kukwiya, pomwe ku Britain ambiri amamva misala.

Kwa munthu wa zochita zachilendo, "eccentric" ndi laulemu, "quirky" limamveka ngati kumuyamikira. "Weird" limapweteka, "creepy" ndiye loipitsitsa, limati munthuyo amachititsa nthumanzi.

Musanatumize, yang'anani liwulo mu dikishonale ya ophunzira ya Oxford. Pa mawu ena onyoza imalembapo "disapproving", ndiye mudziwiratu.