Kamatidwe ka chithunzi chotumphuka pa tipoti yadongo

Chithunzi chotumphuka, monga nthambi ya masamba a tiyi yozungulira mimba ya tipoti, chimamatirira bwino ngati woumba wasankha nthawi yoyenera. Tipoti iyenera kukhala itayamba kulimba koma isanaume, pamene chala sichisiya dzenje mukakanikiza pang'ono koma chikhadabo chikutha kulemba mzere. Mukafulumira, khoma limabonyoka. Mukachedwa, dongo louma limayamwa madzi a chidutswa chomwe mwamata, ndipo mng'alu umadzaonekera m'mbali mwake.

Gwiritsani ntchito dongo lomwelo lomwe munaumbira tipotiyo. Dongo limachepa likamauma ndiponso likamawotchedwa, nthawi zambiri ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kupitirira pang'ono, ndipo mitundu iwiri yosiyana siichepa mofanana, choncho chithunzicho chimatha kusomphoka. Ziwiya zotchuka za Josiah Wedgwood wa ku England, zokhala ndi zithunzi zoyera pamwamba pa mtundu wobiriwira ngati mtambo, zomwe anayamba kupanga m'zaka za m'ma 1770, zinatheka chifukwa mitundu iwiriyo inali dongo limodzi, lina litangothiridwa mankhwala osintha mtundu.

Yambani mwalumikiza kale mlomo ndi chogwirira, kuti muone malo otsala. Lembani chithunzicho ndi singano mopepuka, kenaka kandanikandani malo onse omwe mudzamatepo, ndiponso kumbuyo kwa chidutswa chilichonse, mizere ikupingasana. Pakanipo phala la dongo lomwelo losungunulidwa m'madzi mpaka kukhuthala ngati phala la mwana. Pomata, ikani zala za dzanja lina mkati mwa tipoti kuti zichirikize khoma, ndipo kanikizani kuchokera pakati kupita m'mphepete mpaka phala lija litatuluka, chifukwa mpata uliwonse wotsala pansi ndi pamene mng'alu umayambira.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, pofuna kuti masamba atumphuke kwambiri. Ine ndimaona kuti mamilimita 3 mpaka 5 ndi okwanira, pakuti chimene chimapatsa tsamba moyo si kunenepa kwake koma mthunzi wa m'mphepete mwake. Chidutswa chonenepa chimachedwa kuuma kuposa khoma, chimalemeretsa tipoti mbali imodzi, ndipo chinyezi chikatsalira mkati mwake chimasanduka nthunzi m'ng'anjo n'kuchiphulitsa. Ngati duwa liyenera kutumphuka kwambiri, ligobeni kumbuyo musanalimate. Mitsempha ya masamba muilembe patapita maola angapo, dongo litagwirana, pogwiritsa ntchito kamtengo kosongoka. Kansungwi kosema bwino kamagwira ntchitoyi mosavuta. Siponji yonyowa muipewe momwe mungathere, chifukwa imafafaniza mizere yosalimba.

Mukamaliza, fundikani tipoti yonse ndi pulasitiki kwa masiku awiri kapena atatu, chivindikiro chili pamalo pake, kuti chinyezi chifanane paliponse, ndipo pambuyo pake muzivundukula pang'onopang'ono pamthunzi, kutali ndi mphepo. Ikauma ndithu, iwotchedwe koyamba pa madigiri a Celsius pafupifupi 1,000, moto ukukwera pang'onopang'ono poyambirira. Kenaka pamabwera glaze, mankhwala opaka pa chiwiya omwe amasanduka ngati galasi chikawotchedwa kachiwiri. Glaze wokhuthala amadzaza mizere yonse yomwe mwavutikira, choncho sankhani woonekera mkati ndipo mupake mopyapyala, kapena pakani mtundu wakuda m'mizeremo n'kupukuta pamwamba musanaike glaze. Mkati mwa tipoti muikemo glaze wopanda mtovu, popeza ndi momwe mudzakhala tiyi.