Mmene mungakambirane ndi dokotala za mankhwala otsitsa mafuta m'magazi a okalamba

Makolo anu akalemberedwa atorvastatin kapena simvastatin, musafulumire kuwaletsa kapena kuwakakamiza kumwa musanamve chifukwa chake. Mankhwalawa amachepetsa kolesterol, mtundu wa mafuta a m'magazi amene chiwindi chimapanga, ndipo kwa munthu amene anachitapo sitiroko kapena kudwala mtima, phindu lake ndi lodziwika bwino.

Mkangano uli pa agogo opitirira zaka 75 amene mtima sunawavutepo, popeza anthu a msinkhu umenewu anali ochepa m'kafukufuku wambiri. Mu 2022 bungwe la ku America la akatswiri opereka malangizo opewera matenda, la US Preventive Services Task Force, linanena kuti umboni sunakwane wolimbikitsa kapena woletsa okalamba otere kuyamba mankhwalawa. Choncho funsani dokotala mwaulemu ngati akufuna kuteteza matenda amene anabwerapo kale kapena amene akungoopedwa, chifukwa yankho lake limasintha nkhani yonse.

Popita ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, kapena kuchipatala cha ku Chilenje, ikani m'kathumba mankhwala onse amene agogo amamwa, ngakhale azitsamba, ndipo muwayale patebulo pamaso pa dokotala. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa, chifukwa amachita manyazi kutchula ma ARV, pamene ena mwa iwo, makamaka okhala ndi ritonavir, sayenera kumwedwa pamodzi ndi simvastatin.

Akayamba kumwa, muziwafunsa ngati ntchafu kapena mapewa akuwawa, ndipo muziona ngati akuvutika kudzuka pampando. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.