Mwasiyiranji mapilisi okodzetsa? Madzi aja akuthera m'mapapo

Chiyambireni kuzizira kuno ndikuona chinthu chimodzimodzi mu wodi mpaka chafika pondiwawa, ndiye ndati ndilembe basi mwina wina amva. Odwala mtima omwe tinawatulutsa ali bwinobwino, akuyenda okha, miyendo itaphwa, akubwereranso atanyamulidwa pakati pausiku, ali wefuwefu ngati athamanga mtunda wautali chonsecho anali chigonere pabedi. Ukafunsa gadiyani kuti kodi mankhwala akumwa, yankho limakhala lakuti eee akumwa ndithu. Ukati tabweretsani tione, upeza kapepala ka enalapril, mankhwala ena a mtima ndi BP, katsala pang'ono kutha koma ka furosemide, aja ambiri mumawatchula kuti Lasix kapena mapilisi okodzetsa, kali kodzadza ngati alandira dzulo. Apa m'pamene zoona zimatuluka tsopano, "Anesi, amawavutitsa usiku, kunjaku kukuzizira, kudzuka kasanu kukakodza, ndiye tinati ayambe apumulako kaye."

Kupumulako kumeneko ndi kumene kwawabweretsa kuno.

Sindikunena kuti kutuluka m'bulangete usiku wachisanu nkosangalatsa ayi, makamaka kwa munthu wamkulu woti mawondo akuwawa kale. Ndikumvetsa. Koma tamvani zomwe zimachitika mkatimu. Mtima wabwino umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi iliyonse munthu atangokhala. Ukafooka, kaya chifukwa cha BP yomwe yakhala yokwera zaka zambiri, kaya mavavu, tizitseko ta mumtima, anaonongeka munthu ali mwana, kaya ndi mayi amene mtima unafooka atangobereka, magazi ofika ku impso amachepa. Impso sizidziwa kuti vuto ndi mtima, izo zimangoona ngati m'thupi mwauma, ndiye zimayamba kusunga mchere ndi madzi. Tsiku ndi tsiku zikusunga. Madziwo achulukitsa magazi, mtima wofooka kale uja wapatsidwanso katundu wina, ndipo poti ukulephera kukankha zonse, madzi amayamba kudontha kuchoka m'mitsempha nkumakhala komwe sakuyenera kukhala. Mbali yakumanja ya mtima ikalephera mumaona mapazi, akakolo, miyendo, kenako mimba ndi chiwindi kutupa. Mbali yakumanzere ikalephera madzi amabwerera m'mapapo, ndipo kumeneko simungawaone ndi maso, mumangomva munthu akutsokomola.

Furosemide ntchito yake ndi imodzi, kuuza impso kuti tayani mchere ndi madziwo. Ndiye mkodzo umene mukudandaula nawowo si vuto lobwera ndi mankhwala, ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito. Madzi amene sanatuluke lero sasowa, ali m'thupi momwemo akudikira. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho munthu akamabwera atakwera ndi makilogalamu 4 pa sabata imodzi musamati wanenepa, wayamba kudya bwino, ayi, amenewo ndi malita 4 a madzi omwe wasenza.

Ndipo chomwe chimandiwawa kwambiri nchakuti nyengo imene mwasankha kusiya mankhwalayi ndi imene mtima ukuvutika koposa. Kukazizira mitsempha ya magazi imafinyika, BP imakwera, mtima umakankha movutikira. Thukuta silituluka ngati nthawi yotentha. Onjezanipo chimfine ndi chibayo zomwe zachuluka panopa, zomwe pazokha zimatha kugwetsa munthu wamtima wofooka ngakhale akumwa mankhwala ake bwinobwino. Ndiye pamwamba pa zonsezi mwachotsanso chinthu chimodzi chomwe chimamupepukitsira katundu.

Zimayamba mwakachetechete. Masiku awiri atatu oyamba palibe chachilendo, mwinanso munthu amagona bwino nkumati mwaona, mapilisi aja ndi amene amandizunza. Kenako nsapato zayamba kuthina, ukadinikiza chala pamsongolo pakutsala kadzenje. Kenako pilo mmodzi sakukwanira, akufuna awiri, atatu, kenako akugona chokhala pampando osanena chifukwa chake. Ndiye pamabwera usiku uja woti wagona ola limodzi kapena awiri nkudzidzimuka akubanika, kufuna kutsegula windo, thukuta lozizira, chifukwa madzi onse omwe masana anatsikira kumiyendo abwerera m'magazi atangogona chogona ndipo athamangira m'mapapo. Ndipotu dziwani kuti madzi obwerera usikuwa amakodzetsanso paokha. Anthu ambiri amtima wofooka amadzuka usiku kukakodza ngakhale asakumwa furosemide, ndiye mwasiya mankhwala koma kudzuka kuja sikunathe, mwangowonjezerapo befu.

Pamenepa ndi pomwe zizolowezi zathu zakale zimabwera kudzamaliza ntchito. Munthu akutsokomola usiku, basi tamugulira mankhwala a chifuwa, botolo latha tagulanso lina. Pachifuwa pakulira ngati kherere, basi ndi mphumu imeneyi, tabwereka kopopera mkamwa kwa wina, osadziwa kuti madzi m'mapapo amalizanso chifuwa chimodzimodzi ndipo salbutamol wa m'kopopera muja amathamangitsa mtima omwe ukuthamanga kale. Miyendo yotupa ikuwawa, tamupatsa Brufen kapena diclofenac, mankhwala omwe amapangitsa thupi kusunga mchere ndi madzi komanso amapweteka impso, ndiye kuthira madzi m'bwato lomwe likumira. Ndipo chomwe ndatopa nacho kunena, munthu akubanika inu nkumamugoneka chagada kuti apumule, nkumufunditsa mabulangete atatu mpaka kukhosi. Iye akulimbana kuti adzuke, inu mukumukankhira pansi mwachikondi kuti gonani bambo, gonani. Abale, munthu wamadzi m'mapapo akafuna kukhala tsonga musiyeni akhale, thupi lake likudziwa chomwe likuchita. Chagada chimamumiza.

Komanso maganizo aja akuti ndikumva bwino ndiye kuti ndachira, tidzawasiya liti? Awa si mankhwala a malungo oti wamwa masiku atatu zatha. Mukumva bwino chifukwa choti mukumwa. Dokotala atha kuchepetsa mlingo akaona kuti mwauma mokwanira, zimachitika ndithu, koma zimenezo amachita atakuyezani sikelo, BP, atamvera pachifuwa, nthawi zina atayezanso magazi a impso, osati inu kungoganiza nokha pabedi chifukwa kwacha kozizira.

Ndikukumbukira bambo wina wachikulire, mlimi wa kudimba, munthu wanzeru zake komanso wolimbikira ntchito. Iye mapilisi ake ankamwa usiku pogona, ati chifukwa mmawa amalawirira kumunda ndipo sankafuna kumangosiya khasu kukakodza. Palibe anamufunsapo kuti mumamwa nthawi yanji, ndipo iye sanaone chifukwa chonenera. Kutayamba kuzizira anaona kuti izi zokhala maso usiku wonse sangazithe, anangosiya. Patatha masabata awiri akazi awo anabwera nawo ali pa chikuku, milomo yachita bii, akulavula thovu lofiirira, mawu osatuluka kupitirira awiri asanapume. Tinawakhazika tsonga miyendo ili lende, okosijeni, jakisoni wa furosemide mumtsempha, yemwe amayamba kugwira patangopita mphindi zochepa, ndipo tinayamba kuyeza mkodzo uliwonse nkumalemba. Pofika tsiku lachitatu anali akuyankhula, ndiye ndinawaonetsa pepala lomwe tinkalembapo malita omwe atuluka. Anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anati, "Mwana wanga, ndiye kuti ine ndinatseka ngalande mvula ili mkati." Anayamba kundifotokozera za chaka china chomwe anachita ulesi kukumba ngalande kumunsi kwa dimba lawo, mbewu pamwamba zinkaoneka zobiriwira bwinobwino kwa masiku angapo koma pansi mizu inali itayamba kale kuola, pomwe masamba amachita chikasu kunali kutachedwa. Anakamba nkhani ya dimbayo mpaka mayi aja kuwagwira dzanja kuti apume kaye. Chomwe tinasintha kwa iwo sichinali chachikulu, tinangogwirizana ndi dokotala kuti azimwa mmawa akangodzuka, adikire kaye pakhomo maola oyambirirawo, kumunda azipita dzuwa litakwerako.

Nditafunsafunsa ndapeza kuti ambiri mwa omwe akusiya mankhwalawa ali ngati bambo amenewa, amamwera limodzi mapilisi onse madzulo kuti asaiwale. Furosemide wakumwa amayamba kugwira ntchito pasanathe ola limodzi ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola pafupifupi 6. Mukamwa 7 koloko mmawa, pofika masana zambiri zatha. Mukamwa 8 koloko usiku mwadzipangira nokha usiku wopanda tulo. Vuto silinali piritsi, linali wotchi.

Tsono mtengo wa cholakwika chimenechi si befu la usiku umodzi lokha ayi. Ena amati tikaona kuti watupa tidzayambiranso kumwa, koma pofika pamenepo matumbo nawo amakhala atatupa madzi, piritsi sililowa bwino m'magazi, mumwa awiri osaona kusintha, nchifukwa chake timafika pobaya jakisoni. Ndiye ndi masiku angapo m'chipatala, wodwala ali pabedi, womudikirira wasiya ntchito ndi ana kunyumba, zonsezi chifukwa cha kapiritsi ka mamiligalamu 40. Khungu la miyendo likatupa kwambiri limang'ambika nkumachucha madzi, pamabuka zilonda zosapola msanga. Chiwindi chimatupa, munthu safuna kudya, amaonda pomwe sikelo ikuonetsa kuti akulemera. Impso zimavulala. Ndipo mtima nthawi zambiri subwerera pomwe unali, kugonekedwa kulikonse kumamusiya munthu wofookerapo kuposa kale, amene ankatha kuyenda kukaona anzake tsopano akupumira panjira yopita kubafa. Ena sitiwapeza nkomwe, amathera panjira akubwera, ndipo achibale amati zinangochitika mwadzidzidzi pomwe zinayamba masabata awiri apitawo tsiku lomwe kapepala kaja kanaikidwa pambali.

Ndipo nanunso anamwino anzanga, potulutsa wodwala tisamangoti kamodzi patsiku nkupereka kapepala. Kamodzi patsiku nthawi yanji? Tizinena kuti mmawa, tizifunsa kuti chimbudzi chili patali bwanji ndi pogona, amagona ndi ndani, amatha kudzuka yekha kapena ayi. Mafunso amenewa satenga mphindi ziwiri.

Zoti muchite ndi izi, mwachangu. Imwani mmawa. Ngati munauzidwa kawiri patsiku, wachiwiriyo akhale wa masana cha m'ma 2 koloko, osati usiku. Ikani kandowa kovindikira pafupi ndi bedi ndi tochi, palibe chamanyazi pamenepo, kusiyana nkuti agwe mumdima. Madzulo asanagone akhale kaye atakweza miyendo pa mpando kuti madzi ena atulukiretu. Amene ali ndi sikelo ayeze mmawa uliwonse atakodza asanadye, nkulemba, akakwera kupitirira makilogalamu 2 m'masiku 3 pitani ku kiliniki osadikira tsiku lomwe munalemberedwa. Opanda sikelo yang'anani nsapato, lamba ndi chiwerengero cha mapilo. Mchere chepetsani, bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, komwe ndi kasupuni kakang'ono kamodzi kuphatikiza wa m'zakudya zonse, ndipo wothira pambale uja musiyiretu. Za kuchuluka kwa madzi akumwa tsatirani zomwe anakuuzani kuchipatala poti zimasiyana munthu ndi munthu.

Mukamamva chizungulire poimirira, minofu kukokana, kufooka kwambiri kapena mtima kudumphadumpha, mwina mankhwala achotsa madzi ambiri kapena potaziyamu, mchere wina wofunika m'magazi, watsika, makamaka kwa omwe akumwanso mankhwala a mtima otchedwa digoxin izi nzoopsa, bwerani tiyeze magazi osati kusiya mwakachetechete. Chimodzimodzi mukatsegula m'mimba kapena kusanza, funsani tsiku lomwelo chifukwa pamenepo mlingo umafunika kuunikanso. Ndipo ngati akubanika atangokhala, sakutha kumaliza chiganizo, milomo yada, akulavula thovu kapena akumva kupweteka pachifuwa, mukhazikeni tsonga miyendo ilendewere pansi, masulani zothina, musamumwetse kanthu, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale uli usiku, ndipo m'galimotomo akhale chokhala osati chogona. Mapepala onse a mankhwala mutenge, ndi lomwe anasiya kumwalo.