Zikakulemerani kunja, mumuuza bwanji dokotala kapena bwana m'Chingerezi?

Kwathu munthu akati "ndalemedwa", womva safunsa kawiri. Amadziwa kuti pali ngongole, matenda, maliro kapena ana amene abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Zimavuta mukakhala ku Leeds, Dublin kapena Cape Town, muli pamaso pa dokotala kapena manijala, ndipo zonsezo mukuyenera kuzinena m'Chingerezi nthawi isanathe. Ambiri timangoti "I am fine" n'kutuluka. Ena timatenga Chichewa n'kuchiveka Chingerezi, womvayo n'kumva zake.

Eni chinenerocho ali ndi mawu awo a zimenezi: "weigh down" ndi mnzake "weigh on". Potchula, zilembo g ndi h sizimveka. "Weigh" amamveka chimodzimodzi ndi "way".

"Weigh down" kwenikweni ndi kupsinja chinthu ndi cholemera, monga timasanjikira miyala pa malata kuti mphepo isasasule denga. Mungamve wina akuti "My bag is weighed down with books", chikwama chalemera ndi mabuku. Pa nkhani za mumtima mawuwa sasintha, koma pali pamene ambiri timapunthwa: wolemedwayo amalowa pakati pa mawu awiriwo. Timati "This debt is weighing me down." Kaya ndi "me", "him", "her" kapena "us", malo ake ndi pakati pomwepo, ndipo "weighing down me" kulibe. Mukafuna kuyamba ndi inuyo, nenani kuti "I feel weighed down by problems at home." Musaiwale "-ed" wakumapetoyo. Mukati "I am weighing down", ndiye kuti katunduyo ndinu, ndipo womva adikira kuti mumuuze chimene mwachipsinja.

"Weigh on" ndiye salola kugawidwa: "It has been weighing on me", kapena "It is weighing on my mind." Awa amayenera nkhani imodzi imene ikungobwerabwera m'mutu, monga viza imene sanayankhebe kapena amayi amene agonekedwa m'chipatala kumudzi. "Weigh down" ndi pamene zafika pokuthetsani mphamvu. Palinso "weigh up" ndi "weigh in", koma awa sakhudza katundu ayi. Bwana akati "Let me weigh it up", sanavomere ndipo sanakane, akufuna aiganizire kaye. "Weigh in" ndi kuthirirapo ndemanga pa zokambirana.

Tsono zimene timamasulira tokha. "I am heavy" womva amaganiza za thupi, kuti mukudandaula kunenepa. "My heart is paining" imamutengera dokotala ku mtima weniweniwo. Ayamba kukuyezani BP ndi kugunda kwa mtima, ndipo sakulakwa, koma inu mutuluka nkhani yanu isanayambe. "I am thinking too much" kwathu ndi chidandaulo chachikulu. Ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndipo ntchito ya uphungu yotchedwa Friendship Bench imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda inamangidwa pozindikira kuti anthu amafotokoza matenda a nkhawa mwa njira imeneyi. Dokotala wa ku Britain amene sanazimvepo angakuuzeni kuti mupumeko basi.

Komabe musadalire "weigh down" yekha. Mawuwa ndi ofatsa, ndipo Angerezi amawagwiritsa ntchito ngakhale pa zazing'ono. Amangotsegula khomo. Mukawanena, tsatizani ndi chimene chakulemerani, nthawi imene chinayamba ndi zimene chikukuchitani: "Money problems have been weighing me down for three months. I am not sleeping and I am making mistakes at work." Chiganizo chachiwiricho ndi chimene dokotala amalemba.

Ku Britain kuonana ndi GP, dokotala wa m'dera lanu amene mumayambira kupitako mukadwala, nthawi zambiri ndi mphindi pafupifupi 10. Ife tinazolowera kuyamba ndi malonje, nkhani yeniyeni n'kubwera tili pakhomo potuluka. Kumeneko yambani nayo mukangokhala pansi. Ngati ndi yaitali, pemphani "double appointment", nthawi yowirikiza kawiri, pamene mukusungitsa malo. Womasulira ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, ndi waulere, koma wa Chichewa mumupemphe nthawi ikadalipo. Mwina akupatsani pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9, lofunsa za masabata awiri apitawa. Pamenepo mupeza "feeling down", kutanthauza kukhala wokhumudwa, wosasangalala. Yankhani zoona. Kuchepetsa kuti musaoneke wofooka kumangochedwetsa thandizo. Ku England mungathenso kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies, uphungu wa matenda a nkhawa, popanda kalata ya dokotala, bola mukhale ndi GP amene munalembetsako. Mukadwala osapita ku ntchito, masiku 7 oyamba mumadziikira umboni nokha, kupitirira apo pamafunika "fit note", kalata ya kuchipatala yotsimikiza kuti mukudwala.

Kuntchito nkhani ndi ina. Manijala si ankhoswe, ndipo sindiona chifukwa chomuyalira za kumudzi zonse. Iye amamva msanga dandaulo likabwera ndi pempho: "The night shifts are weighing me down. Can we look at the rota?" "Rota" ndi ndandanda wa mashifiti. Amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba muli ndi nthawi ya "supervision", yokambirana panokha ndi wokuyang'anirani, ndipo malo ake ndi amenewo. Pemphani kuti zimene mwanena zilembedwe. Ambiri amene viza yawo ili m'manja mwa owalemba ntchito amaopa kutsegula pakamwa, ndipo manthawo ndi omveka. Musanalankhule, ku Britain mungathe kufunsa nzeru ku Acas, amene amalangiza mwaulere za malamulo a ntchito, kapena ku bungwe la ogwira ntchito ngati UNISON ngati muli membala.

Katundu wa ambiri a ife ndi ndalama: lendi, ngongole ya ulendo, ndi foni ya kumudzi imene imalira mwezi usanathe. Ku Britain, mabungwe a StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amalangiza za ngongole osalipiritsa, ndipo mukaimba, chiganizo chija cha "This debt is weighing me down" ndi poyambira pabwino. Kuyambira 2021, ku England ndi Wales kuli ndondomeko ya Breathing Space, imene imaimitsa chiwongoladzanja ndi kulondalonda kwa okongoza ambiri kwa masiku 60. Mumalowamo kudzera mwa mlangizi wa za ngongole. Wakatapila wopanda chiphaso, ngakhale akhale Mmalawi mnzathu wa kutchalitchi, akuphwanya lamulo la kumeneko, ndipo wobwereka alibe mlandu akakanena.

Pali nthawi imene mawu ofatsawa muyenera kuwasiya. Ngati zafika poganiza zodzivulaza kapena kudzipha, musazungulire. Nenani kuti "I am thinking of harming myself" kapena "I am having thoughts of suicide", kuti womva asaganize kuti mwangotopa. Ku Britain ndi ku Ireland, a bungwe la Samaritans, amene amamvetsera anthu ovutika mumtima, amayankha usana ndi usiku pa 116 123, mwaulere. Ngati moyo uli pangozi imbani 999. Ku South Africa bungwe la SADAG, lothandiza pa matenda a nkhawa, lili ndi nambala yaulere ya 0800 567 567.

Ndipo mnzanu wa pantchito akakuuzani kuti "Something has been weighing on me", musamuyankhe "sorry" n'kupitiriza ntchito, chifukwa kwa iye kunena zimenezo n'kuyamba nkhani. Mufunseni kuti "Do you want to talk about it?" Akakana, musamukakamize, mudzamufunsenso tsiku lina.