Yang'anani kunsi kwa tsamba musanagule mankhwala

Anzanga amene muli ndi kadimba pakhomo, mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa kabichi kapena repu wanu, tembenuzani tsamba. Kunsiko mupeza nsabwe za m'masamba zitaunjikana mbuu, zikuyamwa madzi a chomeracho. Nyererezo zimabwera kudzanyambita timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa, ndipo zimaziteteza kwa adani awo. Timadzi tomwe tija ndi timene timachititsa kuti tsamba lizinata kenako n'kuda ngati lapakidwa mwaye.

Musadikire masamba akwinyike. Nsabwezi zimabereka ana amoyo popanda yaimuna, ndipo mwana amayamba kuberekanso pakangotha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Zikadali zochepa, ziphwanyeni ndi chala basi. Zikachuluka, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi mu lita imodzi ya madzi, n'kuwaza kunsi kwa masamba madzulo dzuwa litapepa. Sopoyo amapha nsabwe yokhayo imene wayikhudza, choncho bwerezani pakapita masiku 4 kapena 5. Yambani mwayesa pa chomera chimodzi. Ine ndinawaukitsapo mzere wathunthu wa mbande chifukwa chochulutsa sopo komanso kuwaza masana, ndipo zinandipweteka mtima kwambiri.

Kachikumbu kofiira ka madontho akuda kaja musakaphe, chonde. Chakudya chake ndi nsabwe zomwezi. Feteleza wa nayitrojeni nayenso musamachulutse, chifukwa nsonga zanthete zimene amatulutsa ndi zimene nsabwe zimakonda.

Ngati mumalima malo amodzi ndi anzanu, panganani tsiku limodzi lowaza, poti nsabwe zina zimamera mapiko n'kuulukira pa bedi loyandikana nalo.